Makutu a Melitini

Mu Afrodisiya muno aliyense amafuna kuti akadzafa, pamanda pake padzakhale mutu wa nsangalabwi, koma ndi ochepa amene amakwera kuphiri kukasankha mwala watsopano. N'chifukwa chake Pereita sanagonepo ndi njala. Iye sankasema milungu, kapena mikango ya pazipata, kapena nsanamira za kukachisi. Ntchito yake inali kusintha nkhope. Munkabwera ndi mutu wakale, wa munthu amene mbumba yake inatha kapena inamuiwala, iye n'kuchotsapo nkhope ija n'kufukula m'katimo ya bambo anu, ya mkazi wanu, ya aliyense amene mukumulira. Amisiri a kumsewu waukulu, odzimva aja, ankamutcha wometa akufa. Koma mphuno ikawaswekera m'manja, ankazemba ndi mutuwo m'thumba kupita kwa wometa akufa yemweyo.

Mwala suwonjezeka, ukausema umangochepa. Choncho mutu uliwonse unkachoka m'manja mwa Pereita uli wocheperapo, kupatula makutu, poti khutu ndi lopyapyala, ukati ulichepetse limathetheka. Mukapita kumanda a kuchipata cha kum'mawa mudzaona timitu tating'ono tokhala ndi makutu ngati zogwirira za mtsuko. Yonseyo ndi ntchito yake, ndipo makutuwo si a anthu amene mayina awo alembedwa pansipo.

Ntchitoyi ili ndi malamulo awiri, ndipo ngakhale otola mitu, anthu osaopa kanthu aja, amawasunga. Loyamba, mutu ukangochoka pamalo pake, nkhope yake amaimata matope. Palibe amene amafuna kuyenda mumsewu atanyamula munthu akumuyang'ana, ndipo wosema sayenera kuphana maso ndi amene akumuchotsa nkhope. Chosemera chimalowa m'matope momwemo. Lachiwiri ndi la makutu. Usanadzutse nyundo umafewetsa phula la njuchi m'manja n'kutseka makutu onse awiri, kuti mwini wake asamve. Akamva, amalondola kulira kwa nyundo mpaka pakhomo pako, n'kumaima kumbuyo kwako kudikira kuti um'bwezere zake. Motero Pereita anakalamba osaonapo nkhope za eni mitu amene ankadutsa pabenchi pake. Ankawadziwa ndi makutu okha.

Ali mnyamata anakwatira Melitini, woluka nsalu zaubweya, mkazi woseka mpaka kugwira m'mimba. Khutu lake lakumanzere linali long'ambika kumunsi. Ndolo inakodwa m'nthambi ya mkuyu tsiku lina akuthamangitsa mbuzi, ndipo kuyambira pamenepo ankalifunditsa tsitsi, n'kumapendeketsa mutu kuti akupatseni khutu labwinolo mukamalankhula naye. Sanakhale naye nthawi yaitali. Nthenda yotentha thupi inam'tenga chaka chimene inatenga anthu ambiri kumsika wa nsalu.

Apo ndiye Pereita anakwera kuphiri kwa nthawi yoyamba. Anatsika ndi mwala woyera kwambiri moti dzuwa linkalowa m'kati mwake, n'kusema mkazi wake pamwala umene sunakhalepo wa munthu wina. Khutu analisema monga momwe linalili, long'ambika, tsitsi atalikankhira kumbuyo.

Amiya, mng'ono wake wa Melitini, amene ankagulitsa mikate ndi azitona tsidya lina la kanjira kodutsa pakhomo pa Pereita, ataona anagwira m'chiuno.

"Alamu, munthu anabisa khutu limeneli moyo wake wonse, inu mukam'yalutse kumanda?"

"Ndi pomwe ndinkam'gwira," anayankha Pereita.

"Munkam'gwira inu. Nanga mzinda wonse uzim'gwiranso?"

Koma Amiya analira, ndipo mutuwo anauperekeza yekha kumanda ataukulunga m'nsalu yake.

Kenako kunadza chivomezi chija chimene chinagwetsa theka la khoma la mzinda. Pereita chinam'siya ndi mwendo wothyoka. Pamene ankayamba kuyenda ndi ndodo n'kukafika kumanda, otola mitu anali atasesa kale. Anapeza khosi lokha la Melitini lili chiimire. Anafunsa kwa otola onse, onse anakana, ndipo mwina sankanama, poti mitu anaimata matope ndi kuiunjika ngati maungu. Kuyambira pamenepo mutu uliwonse ukafika pabenchi pake, zala zake zinkayamba kaye zapita kukhutu lakumanzere. Ankati mzindawu ndi waung'ono, mitu imazungulira, tsiku lina adzabwera yekha.

Patapita zaka, chikondwerero cha mulungu wathu wamkazi chili pafupi, kunabwera wogulitsa vinyo wina, bambo wa mimba yake, kapolo atam'senzera mutu. Mkazi wake anali atangomwalira. Mutuwo wina anali atauumbira tsitsi la njereza, chimulu cha tsitsi chotsika mpaka m'masaya, monga ankalukira akazi a ku Roma masiku amenewo. Nkhope inali yomatidwa matope bwinobwino. Makutu sankaoneka n'komwe.

"Bambo, tsitsili liyenera kuchoka, ndione makutu," anatero Pereita.

"Aa, mukhudze tsitsi? Ine chandikoka n'tsitsi lomwelo. Mkazi wanga analibe n'theka lomwe la limeneli. M'siyeni akanyade nalo kumandako."

"Nanga phula ndiika pati?"

"Ikani m'makutu mwanu, achimwene. Munthu wafunda njereza yonseyi angamve chiyani? Ine mkazi wanga ndinkam'kuwira makutu ali pamtunda, koma sankamva."

Pereita anaseka. Chimene chimandiwawa ine pofotokoza nkhaniyi n'chimenecho, chakuti anaseka. Anagogoda njereza ija ndi chala, n'kuona kuti ndi yokhuthala, ndipo mitu ina inali itandandalika pansi kudikira. Anadziuza kuti chotsekeka ndi chotsekeka. Anadzutsa nyundo, n'kuyamba ndi mphuno monga mwa masiku onse, uku akuimba kamluzu ka nyimbo imene Melitini ankaimba poluka. Zibenthu ndi fumbi anazisesera m'kanjira, mvula n'kuzitenga.

Kwathu kuno akufa sayenda usiku. Usiku angaone njira bwanji? Amayenda masana m'nyengo yotentha, dzuwa lili paliwombo, pamene zitseko zonse zatsekedwa, agalu agona ngati ofa, ndipo mumsewu mwatsala nyenje zokha. Anthu anzeru amagona nthawi imeneyo. Pereita ndiye ankagwira ntchito, chifukwa ndi pamene kuwala kunkagwa molunjika pabenchi kuchokera pachibowo cha padenga. Ankakhala atafulatira khomo.

Wogulitsa vinyo atangotenga mutu wake, zinayamba. Masana ena nyenje zinaleka kulira zonse pamodzi, ngati wina wazitseka pakamwa. Kunkhongo kwa Pereita kunazizira. Pakhoma la kutsogolo kwake, pambali pa chithunzithunzi chake, panaima china. Sanamve mapazi, sanamve kupuma. Anadziwa msanga kuti ndi mwini wa mutu watsitsi uja, ndipo anadziwanso zimene mmisiri amene anam'phunzitsa ankanena, kuti wotereyu sum'cheukira. Anatapa mchere m'kambiya n'kuuponya kumbuyo, analavula, n'kutukwana.

"Choka apa, mfiti iwe! Kalondole wavinyo, ndi amene anakana. Kagwere uko!"

Chithunzithunzi chija chinaima pang'ono, kenako chinachoka, nyenje n'kuyambiranso. Mawa lake chinabweranso. Chinabwera chaka chimenecho, n'chotsatira, n'chotsatira, nyengo yotentha iliyonse, ndipo Pereita anachizolowera monga munthu azolowerera mwendo wotsimphina. Kambiya ka mchere kankakhala pambali pa kambiya ka phula. Mawu otukwana anawonjezera ena atsopano, ena oti sindingawabwereze pano.

Chimene sanachizolowere n'china. Nyengo yomweyo nkhope ya Melitini inayamba kum'thawa. Mawu ake ankawamva, kaseko kake ankakamva, fungo la ubweya m'manja mwake linalipo, khutu lija ankatha kulijambula pafumbi atatsinzina. Koma akati aone maso, pakamwa, chipumi, pankangokhala poyera. Zinam'pweteka kuposa mwendo. Munthu amene ankatha kufukula m'mwala nkhope ya mlendo atangoiona kamodzi pamphasa ya maliro, analephera kusunga ya mkazi wake.

Ankapita kwa Amiya ngati akukagula mkate.

"Alamu, mphuno ya achemwali anu inali yotani?"

"Inali ndi mabowo awiri. Mukufuna mkate kapena ayi?"

"Ndikunena zoona, alamu."

"Inali ngati ya mayi. Ine musandiyang'ane, ndinatengera bambo, ndi chibwano chomwe. Inu munagona nawo nyumba imodzi, munawasemanso, lero muzifunsa ine wamikate?"

"Maso ake?"

Amiya ankayamba kufotokoza, manja ali m'mwamba, koma mawu sasema. Pereita ankabwerera ndi mkate umene sankaufuna, n'kuugawira mbalame.

Anakalamba chomwecho, tsitsi loyera ndi fumbi ndi zaka zomwe. Ndiye m'mawa wina wotentha kunabwera mayi wachitsikana, dzina lake Atalisi, mkazi wa wonyika nsalu, manja ake ali obiriwira ndi utoto. Ananyamula yekha dengu lolemera, n'kulitula pabenchi.

"Bambo, mutuwu ndi waukulu, ndikudziwa, koma akuti inu mumatha kuchepetsa. Mwana wanga anali wamng'ono. Mano akutsogolo anali atangoguluka."

"Pepani, mayi. Koma makutu adzakhala aakulu. Makutu sachepa."

"Muwachotse. Ankakonda tsitsi logwera m'masaya, makutu sankaoneka."

"Mwautenga kuti?"

"Kwa otola. Akuti unali wa banja lina logulitsa vinyo, anasamukira kunyanja, manda palibe wosamala."

Pereita anavundukula nsalu. Nkhope inali yomatidwa matope aawisi. Tsitsi la njereza lija mvula ya zaka zambiri inali italidya, latsala zigamba zokha pamwamba. Zala zake zinapita zokha kumene zinkapita nthawi zonse, ndipo zinaima. Zinabwerera, n'kudutsanso pang'onopang'ono. Kumunsi kwa khutu lakumanzere kunali kong'ambika, ndipo kung'ambikako sikunali kwa chivomezi. M'mphepete mwake munali mosalala, mopukutidwa ndi dzanja limene linkadziwa pogwira.

"Pitani kaye, mayi," anatero. "Mubwere mawa."

"Bambo, mwadwala?"

"Pitani, mwana wanga."

Anakhala osagwedezeka mpaka dzuwa linafika pachibowo cha padenga. Kuwala kutagwa pamutu paja kunalowa m'khutu, khutulo n'kufiira pang'ono ngati la munthu wamoyo. Apo Pereita anachita chimene mmisiri sachita. Anatenga madzi ndi kansanza, n'kutsuka matope. Ankatsuka ndi chimwemwe, pepani, chinali chimwemwe ndithu, poti ankati aona nkhope imene anaisowa zaka zonsezi. M'matope munatuluka masaya onenepa, chibwano chopindika pawiri, ndi kamwetulira kokhuta ka mkazi wa wogulitsa vinyo. M'mbali mwa milomo munali timabowo tiwiri timene mu Afrodisiya monse ankaboola ndi munthu mmodzi yekha, Pereita mwini wake.

Anakumbukira tsitsi la njereza. Anakumbukira phula limene sanaike, ndi kamluzu kaja. Melitini anabweradi yekha monga iye ankanenera, anakhala pabenchi pake makutu ali otsegula kunsi kwa njereza, ndipo anamva zonse.

Nyenje zinaleka.

Chithunzithunzi chinaima pakhoma pamalo pake pa masiku onse. Dzanja la Pereita linapita lokha kukambiya ka mchere, iye n'kulibweza.

"Melitini?"

Chithunzithunzi chija chinapendeketsa mutu, kum'patsa khutu labwino.

Anacheuka. Melitini anali ataima pakhomo, mu diresi lachikasu limene anam'veka pokam'ika m'manda, manja atawapinda pamimba monga ankaimira podikira kuti amalize ntchito akadye. Tsitsi linali lake, khosi lake, makutu ake. Pakati pa makutuwo panali nkhope ya mkazi wa wogulitsa vinyo, yoyera mbee, yosagwedezeka, ikumwetulira kamwetulira kaja. Sanalankhule. Pakamwa pamenepo Pereita anapasema potseka.

"Ndinkakuthira mchere," anatero Pereita, misozi ikudula njira pafumbi la m'masaya. "Zaka zonsezi. Iwe umangobwera, ine n'kumakuthira mchere."

Melitini anaima mpaka nthawi yake itakwana. Kenako pakhomo panali dzuwa lokha, nyenje n'kuyambiranso.

Chimodzi Pereita anachiona msanga: chimene angaseme pamwalawo, Melitini adzachivala. Akasema mwana wa Atalisi, adzabwera ndi nkhope ya mwana. Akachotsa makutu, sipadzatsala kanthu kom'dziwira. Choncho mawa lake anauza Atalisi kuti mutuwo uli ndi mng'alu, sungapirire nyundo, am'siyire. Anakwera kuphiri kachiwiri m'moyo wake, ndi ndodo, ndi mwendo womwe uja, n'kutsika ndi kamwala katsopano pabulu wa munthu wina. Anam'semera mwanayo ndi mpata wa mano womwe, nsonga za timakutu zikusuzumira m'tsitsi. Mukadzapita kumanda kuja mudzam'peze, ndi mutu umodzi wokha wa Pereita kumeneko umene makutu ake ndi a mwini wake.

Atamaliza anatseka khomo kwa onse obweretsa mitu. Benchi analitembenuza kuti aziyang'ana kukhomo. Mchere anakam'patsa Amiya, n'kumuuza zonse. Amiya, amene pakamwa pake sipankauma, tsiku limenelo anangokhala pansi pachiwundo, mikate n'kupserera m'ng'anjo.

Zimene Pereita anayamba kuchita pambuyo pake anthu ena amati inali misala. Ine sindinena choncho, koma sindinenanso kuti zinali zanzeru. Anaganiza zochotsa nkhope ya mkazi wa wogulitsa vinyo ndi kusema ya Melitini m'kati mwake. Makutu sankawatseka. Asanadzutse nyundo ankaweramira kukhutu labwino n'kunena kuti, "Ndine, usaope, ndigogoda pang'ono," ndipo ankam'fotokozera chilichonse, kuti tsopano ndili pachipumi, tsopano ndili patsaya. M'mawa ankasema, masana ankaika zida pansi n'kuyang'ana pakhomo. Melitini ankabwera atavala zimene wasema m'mawawo. Iye ankam'yang'anitsitsa, n'kupukusa mutu.

"Si iweyo. Pepa. Mawa tiyesenso."

Nkhope iliyonse imene inkatuluka inali ya munthu, ina yokongola ndithu, koma sinali yake. Ndipo iliyonse inali yocheperapo kuposa ya dzulo lake. Odutsa m'kanjirako masana ankamva nkhalamba ikulankhula, n'kuleka ngati ikumvetsera, n'kulankhulanso, ndipo anayamba kuzungulira njira ya kuchitsime.

Amiya ankam'bweretsera msuzi wa mphodza, poti Pereita anali ataleka kuphika. Amiya pakhomopo sankaona kanthu, koma masana sankayerekeza kuimapo. Tsiku lina anayang'ana mwala uja, utatsala ngati chibakera pakati pa makutu aakulu awiri, n'kulephera kupirira.

"Alamu, lekani. Madzi akatayika sawoleka. Nkhope ya achemwali inatuluka pakhomo pano ndi tsache, inu nomwe munasesa. M'katimo mulibe."

"Ndikudziwa."

"Nanga mukuwavutitsiranji? Mwawachepetsa mpaka atsala makutu okhaokha. Akumva kuwawa, simukuona?"

"Ndinam'funsa ngati ndileke. Sanachoke."

"Angayankhe ndi pakamwa pati?"

Pereita anatola chosemera chake.

"Akudikira kuti ndim'bwezere, alamu. Ndilibe. Ndikaleka, ndiye ndimuuze chiyani akabwera?"

"Muwauze kuti mulibe."

"Ndinamuuza. Anangondiyang'ana kumaso."

Amiya anatola mbale zake n'kutuluka.

Nyengo yotentha ikupita kumapeto, masana ena Amiya ali m'nyumba mwake anamva nyenje zikuleka. Anali atazizolowera. Koma ulendo uno zinakhala chete nthawi yaitali, yaitali zedi, ndipo nyundo sinali italira kuyambira m'mawa. Zitayambiranso anadikira pang'ono, n'kuwoloka kanjira.

Anam'peza Pereita atakhala pampando wake kuyang'ana kukhomo, manja ali pamaondo, atazizira kale. Pabenchi panali makutu awiri olumikizidwa ndi kachidutswa ka mwala kopyapyala, kopanda poti n'kusemanso. Kambiya ka phula, kamene Pereita sanakakhudze chibwerere mutu uja, kanali kovundukula. Manja ake anali oyera ndi fumbi, opanda phula ngakhale m'zikhadabo. Koma makutu ake onse awiri anali otsekedwa ndi phula, lofewabe, lokanikizidwa bwinobwino mpaka m'kati ndi chala chaching'ono.

Amiya anam'yang'ana kumaso kamodzi kokha. Anavula nsalu ya kumutu n'kum'funditsa, naimanga kumbuyo mfundo yolimba. Anam'sambitsa yekha, ndipo akazi amene anabwera kudzathandiza anawakaniza kumasula mfundoyo. Anaikidwa chomwecho, makutu awiri aja ali pachifuwa pake.

Amisiri a kumsewu waukulu, manyazi atawagwira, anati am'semere mutu pamwala watsopano, ndipo anatuma mmodzi kukapempha kuti aone nkhope maliro asananyamuke. Amiya anaima pakhomo osam'patsa njira.

"Mayi, tingoona pang'ono. Nanga tisema chiyani?"

"Musaseme."

"Kodi kumasoko kwatani?"

Amiya anayang'ana mtembo uja, kenako anayang'ana mmisiriyo.

"Kulibe nkhope. Achemwali anatenga zawo," anatero Amiya. "Koma anayamba am'tseka makutu. Sanamve kanthu."